Amene Anaswa Galasi la Chikatapila Ndine

Ine, Pyo Mal-sun, wa zaka 83, wa m'mudzi wa Dolbae, mlimi wa adyo ndi tsabola, mkazi wa malemu Seok Man-su, ndikunena izi.

Kusukulu sindinapiteko ndipo kuwerenga sindidziwa. Mukamaliza kulemba mundiwerengere, ndimve ngati simunathiremo mchere wanu.

Ndabwera pa nkhani ya dzulo, Lachiwiri, pamene Ma Gi-cheol, woyendetsa chikatapila, anavulala pamwamba pa diso kunyumba yaikulu ya banja la a Seok. Ndamva kuti inu apolisi munalemba dzina la Seok Dong-uk kuti ndiye anaswa galasi. Dong-uk ndi mwana wa akulu awo a amuna anga. Ndi mphunzitsi ku Daegu, ndipo akuti mphunzitsi akapezeka ndi mlandu wovulaza munthu, ntchito yathera pomwepo. Dzina limenelo mulifufute. Ndiyambira pachiyambi, musandifulumize.

Nyumba yaikulu ili kum'mawa kwa nyumba yanga, kungowoloka kamlatho ka pangalande. Yakhala yopanda munthu chimwalirire amake Dong-uk, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Denga la khola la ng'ombe linagwa. Mapepala a pazitseko anang'ambika, nsungwi zinaboola pansi pa khitchini, amphaka anaberekera m'chipinda chomwe apongozi anga anatsirizikiramo. Dong-uk ankabwera kudzalambula kumanda n'kubwerera tsiku lomwelo.

Kuseri kwa nyumbayo, pansanja ya miyala, panali mbiya zambiri. Zonse zinali zopanda kanthu kupatula imodzi yaikulu, yondifika pachifuwa. M'menemo munali mbewu ya msuzi wa soya. Anabwera nayo agogo awo a amuna anga tsiku lomwe anakwatiwa. Chaka chilichonse msuzi watsopano ukapsa timathirako pamwamba pa wakalewo, kuti wakale usaume, watsopano utengere kukoma kwa akale. Sitiutunga mwachisawawa. Ndi wa paukwati, pamaliro ndi pansembe ya makolo basi.

Ine ndi amake Dong-uk sitinkamvana kwenikweni. Moyo wawo wonse ankati dzanja langa ndi lamchere. Koma atagonekedwa kuchipatala anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, mbiya ija uziyang'anira mpaka mkazi wa Dong-uk adzaifune. Koma usaiyese yako. Iwe ndi wa kunyumba yaing'ono." Ine ndinati, "Akulu, ndani akusirira mbiya yanuyo?" Kuchokera apo ndakhala ndikuivundukula dzuwa likawala, kuivundikira mitambo ikabwera, kuipukuta, ndi kuthiramo msuzi wanga wamcherewo chaka ndi chaka. Mkazi wa Dong-uk, make Ji-an, sanaifunsepo. Iye amagula wa m'botolo.

Pa chaka chatsopano Dong-uk anabwera kudzandigwadira. Atadzuka anati akufuna kugumula nyumba yaikulu ndi khola, amange nyumba yoti adzakhalemo akapuma ntchito, ndipo pomwe pali nsanja ya mbiya padzakhala galaja ya galimoto ziwiri. Ndinati malo ndi ake. Ndinangofunsa kuti galimoto imamva kuzizira kuyambira liti, poti ng'ombe ya bambo ake inkagona m'khola lodontha n'kumalimabe. Anaseka. Tinagwirizana kuti mbiya ikayembekezere kwanga pomwe akumanga.

Loweruka lapitali m'mawa Dong-uk anafika ndi mkazi wake, anzake awiri a kuntchito, kalole, zingwe ndi mabulangete akale okutira mbiya. Anati ogumula abwera Lachinayi, ndiye mbiya ichoke lero amuna akadalipo. Ndinawerenga pazala. Linali tsiku lachisanu powerengera mwezi wakumwamba, osati kalendala. Inu achinyamata musanamizire kusadziwa, ngakhale a malole osamutsa katundu amadziwa. Pali mlendo woipa uja, mzimu wosaoneka, amene amazungulira mbali zinayi, ndipo ukasuntha chinthu kupita komwe ali, chimawonongeka. Pa tsiku lachisanu amakhala kumadzulo. Kwanga ndi kumadzulo. Amakwera kumwamba pa tsiku lachisanu ndi chinayi, lomwe linali kugwa Lachitatu. Ndinaima kutsogolo kwa mbiya n'kunena kuti ichoka Lachitatu.

Dong-uk anati, "Amayi aang'ono, amuna alipo, galimoto ilipo, kunja kwawala. Mlendo wanuyo ngati alipo agwire chingwe atithandize kunyamula."

Anzake anaseka. Ndinati, "Iwe, ndinakupukuta mamina ine ndi siketi yanga. Maphunziro akowo ukaphunzitse ana a eni, osati mbiya ya agogo ako."

Anati Lachitatu ali m'kalasi. Ndinati ndipeza amuna m'mudzi muno. Anati, "Amuna ake ati? Wamng'ono m'mudzi muno ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo amayenda ndi ndodo." Ine sindinasunthe.

Kenako make Ji-an anapita ku galimoto n'kubwera ndi botolo la pulasitiki, la madzi akumwa. Anati, "Amayi aang'ono, nanga titatungako pang'ono chabe, tisunge padera? Mwina mwake." Mawu omwe ndinamuyankha ndikuwakumbukira bwino, lembani momwemo. Ndinati, "Msuzi womwe unaona nkhondo ziwiri sulowa m'botolo la pulasitiki. Zaka zonsezi sunaufune, wayamba kuufuna lero?" Anaweramitsa mutu n'kubweza botolo ku galimoto. Dong-uk anamanga nsalu yofiira pakhosi pa mbiya, anati awauza eni chikatapila pafoni kuti asayandikire. Anapinda mabulangete n'kubwerera ku Daegu osadya chamasana. Ndinali nditaphika.

Dzulo, Lachiwiri, ndinali kupalira adyo kumunda wa kuseri kwa phiri. Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva chiphokoso cha injini ndi matabwa akuthyoka. Ndinanyamuka ndi kakhasu kanga m'manja. Sindithamanga masiku ano, koma ndinafika. Ndinapeza khola lagwa kale, theka la nyumba lili pansi, fumbi lili tolo. Ndamva pambuyo pake kuti ogumula anabwera msanga chifukwa wailesi inalengeza mvula ya Lachinayi, ndipo anaimbira Dong-uk foni atayamba kale kugumula.

Woyendetsa anali Gi-cheol wa kutsidya kwa mtsinje. Mayi ake ndinkapita nawo kumsika. Gi-cheol anali atalowetsa dzino la chikatapila m'khitchini, akukankha khoma lakumbuyo kuchokera m'kati. Kuseri kwa khomalo ndiye kunali nsanja ya mbiya. Ndinakuwa kuti, "Imitsa! Gi-cheol, imitsa!" Ndinakweza manja onse awiri. Anali ndi zotsekera m'makutu. Anandiona, anamwetulira, n'kundibayibitsa.

Khoma linagwera kunja. Ndinamva mbiya zopanda kanthu zikusweka, phokoso lopyapyala. Kenako ndinamva yaikulu ija. Imeneyo inalira mosiyana.

Ndinazungulira kuseri. Msuzi unali kuyenderera pakati pa miyala, wakuda, n'kumalowa m'dothi. Fungo lake linadzaza bwalo lonse, fungo lomwe ndinalimva koyamba tsiku lomwe ndinalowa m'banja lino. Nsalu yofiira inali pansi pa chibuma. Lembaninso kuti pa tsiku lachisanu ndi chitatu mlendo uja amakhala kumpoto, ndipo nsanjayo inali kumpoto kwa nyumba. Kapena musalembe. Sizisintha kanthu.

Gi-cheol anazimitsa injini, anachotsa za m'makutu n'kusuzumira pazenera. Anati, "Agogo, chokanipo apo, mupwetekeka! Mbiyazo musadandaule nazo, kumsika zilipo zambirimbiri."

Ndinapita pomwe anali. Ndinaponda pachitsulo cha m'munsi, ndinakweza kakhasu n'kumenya galasi lam'mbali. Linasweka. Chidutswa chinamucheka pamwamba pa diso lamanzere, magazi anatsikira kumaso mpaka pa malaya. Ndinkafuna galasi, sindinkafuna iye. Koma womenya ndine. Anagwira pachipumi n'kunena kuti, "Agogo, palibe anandiuza za mbiya. Palibe anandiuza."

Nthawi yomweyo galimoto ya Dong-uk inalowa pachipata. Anathamanga n'kundilanda kakhasu. Anayang'ana Gi-cheol, anayang'ana kuseri kwa nyumba. Ine ndinakhala pansi pafumbi. Make Ji-an anaimbira ambulansi, kenako anandigwira m'khwapa n'kundiperekeza kwathu. Anandigoneka n'kutuluka. Apolisi pobwera ine kunalibe. Zomwe zinanenedwa pamenepo sindinazimve ndi makutu anga.

Dzuwa litapendeka make Ji-an anabweranso. Thalauzi lake la m'tauni linali lakuda m'maondo, zala ziwiri atamanga ndi kansalu. M'manja munali botolo la pulasitiki lija la Loweruka. Munali msuzi, osafika theka, ndi timiyala tamchere tomwe timakhala pansi pa mbiya yakale. Anati, "Amayi aang'ono, thako la mbiya silinasweke lonse. Ndafukula ndi manja, ndasefa ndi mpango wanga. Kaya ndalakwitsa."

Ndinalawa ndi chala. Munali kafungo ka dothi. Koma unali womwewo.

Anati, "Ndidikire mawa, tsiku labwino lija, kuti ndithire m'mbiya ina?"

Ndinati, "Usadikire. Thira lero."

Ndinamupatsa kambiya kanga komwe ndinabwera nako kuchokera kwa mayi anga. Anathira. Msuzi unangofika zala zitatu kuchokera pansi. Ndinamuuza kuti apite nako ku Daegu, akaike pakhonde pomwe pamafika dzuwa, azikavundukula m'mawa. Anati, "Sindidziwa kasamalidwe kake." Ndinati, "Nane wodziwane taona zomwe ndachita. Nyamula."

Ali pakhomo ndinamufunsa komwe kunali Dong-uk. Anazengereza, kenako anati ali kupolisi. Anati apolisi atafika anapeza kakhasu kali m'manja mwake, atafunsa woswa galasi iye anati, "Ndine," ndipo Gi-cheol anangoyang'ana pansi. Anati, "Anandiletsa kuti ndisakuuzeni." Ndinati, "Nanga wandiuziranji?" Anati, "Chifukwa mukanamva kwa ena, khasu lotsatira likanagwera ine."

Ndiye ndakwera basi yoyamba. Taonani dzanja langali, apa pansi pa chala chachikulu, galasi linandicheka nanenso. Kakhasuko mukayang'ane chigwiriro chake, chinakumbika motengera zala zanga, osati zake. Dong-uk manja ake ndi a choko. Galasi limene lija akanamenya katatu lisanasweke. Ine ndinamenya kamodzi. Mukamufunsenso Gi-cheol, mumuuze kuti ndamuloleza ine kunena zoona. Ndikachoka pano ndikamuona, akuti anamusoka. Ngati pali kutsekera, tsekerani ine, adyo ndapalira kale. Mwana uja Loweruka anabwera ndi amuna, zingwe ndi mabulangete. Palibe chomwe anasiya. Amene anaima kutsogolo kwa mbiya ndi ine.

Lero ndi Lachitatu, mlendo wakwera kumwamba. Popita ku basi miyendo inanditengera yokha kutsidya kwa kamlatho, monga m'mawa uliwonse. Kunja kwawala bwino, kopanda mtambo. Ndinafika mpaka pansanja. Panalibe choti ndivundukule.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Zina sindinazione, ndipo sindiwonjezera.

Umboniwu wawerengedwa mokweza kwa mwini wake, ndipo wavomera kuti ndi mawu ake.

Chidindo cha chala: Pyo Mal-sun
Wolemba: Sajeni Yeom Tae-ho