Mwana wa ng'ombe za ku Songwe

Masiku aja khadi lachipani linali chiphaso cholowera mumsika, koleji yanuyi inali itangotsegulidwa kumene, ndipo ine ndinali mtsikana wogulitsa chapati pachipata pomwe mwakhalapo apa. Musandiseke Chichewa changa ana inu, ndinachiphunzira pogulitsa malonda, kwathu timayankhula Chinkhonde.

Tauni ino inkadya kuchokera kukoleji. Sukulu ikatsegulidwa, mabasi ankatula anyamata a ku Dedza, a ku Mulanje, a ku Nsanje, ndipo mpunga wa ku Hara unkatha, usipa wa ku Ngara sunkagona pathandala, telala ankapalasa makina mpaka mwendo kutupa. Koma ikatsekedwa, eee, ngakhale agalu ankaonda. Lero muli ndi magolosale ndi njinga zamoto, koma kale munda wathu munali inuyo. Ena mwa anyamatawo ankatisiyira mimba n'kupita, paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ine ndinkadziona wamwayi, chifukwa amene anandifuna sanali mwana wasukulu koma mphunzitsi wawo, a Filipo a ku Mulanje. Atate anawauza kuti, "Kuno mkazi satengedwa ndi nkhuku. Tikufuna ng'ombe." A Filipo anaseka, nati kwawo kulibe zimenezo, komabe anakagula ng'ombe ku Songwe n'kuzilowetsa m'khola la atate. Tinabereka mwana wamwamuna, Lusekelo.

Mwanayo atangoyamba sukulu, kunabwera lamulo lakuti mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo chakwawo. Nthawi imeneyo lamulo sunkalifunsa, ukafunsa unkasowa. Malole anabweretsa aphunzitsi akumpoto kuno ndi mphasa zawo, n'kunyamula akummwera. A Filipo anati, "Ndikapeza nyumba ndidzakuitana, koma mwana ndipita naye." Ndinathamangira kwa atate ndikulira, koma iwo anangoloza khola. "Ng'ombe zinalowa umu. Mwana ndi wake." Ndinaima pamsewu mpaka fumbi la lole litatha, ndipo mtima unandipweteka kuposa tsiku lomubereka.

Kuitanidwa kuja ndikudikirabe. A Filipo anakwatira kwawo, ndipo inu akummwera mukudziwa, kwanu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo mwana ndi wa kuchikazi. Atamwalira a Filipo, abale a mkaziyo anauza Lusekelo kuti, "Munda ukaufunse kwa amalume ako ku Karonga."

Anabwera ali ndi ndevu. Ndinamulonjera m'Chinkhonde, iye n'kundiyankha kuti, "Pepani amayi, sindikumva." Ndinamuphikira mbalagha, nthochi zathu zija zophika ndi nyama, anadya mwaulemu ngati mlendo wa boma. Kenaka tinapita kwa mchimwene wanga, amene anatsala ndi minda ya atate.

"Mwana wa mlongo wanga, ndakondwa kukuona," anatero mchimweneyo, "koma ng'ombe za atate ako ndi zimene ndinakwatirira ine. Kwanu ndi ku Mulanje."

"Ku Mulanje akuti kwathu ndi kuno," anayankha Lusekelo.

"Kumeneko ndi mwambo wawo. Kuno ndi wathu."

Palibe amene ananama, ana anga, ndicho chimandiwawa. Lusekelo anakhala nane nyengo yamvula imodzi, akundinyamulira ufa, kenaka anaoloka mtsinje wa Songwe kukafuna ganyu ku Tanzania. Amalonda ena amati anamuona, ena amati si iyeyo. Ndikamva basi yaima, ndimayang'anabe otsika.

Tsono ndimakuonani mukuyenda ndi atsikana akuno madzulo, ndipo sindikuletsani, inenso ndinakondapo. Koma musanafike patali, khalani pansi ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, muwafunse kuti mwana akadzabadwa adzalima kuti. Ife tinafunsana za ng'ombe zokha, ndipo mwana wanga, amene dzina lake limatanthauza chimwemwe, alibe ngakhale pomuika akadzafa.