Maso Ofiira Pamzere wa Mankhwala

Pamzere wogula mankhwala, mayi wina wachikulire anayang'anitsitsa mtsikana wa maso ofiira psuu, mpaka analephera kuugwira mtima.

"Mwanangu, wakumenya ndani? Usamubise, amuna otere amapha."

"Palibe, amayi. Ndikuphunzira kusambira pansi pa nyanja, botolo la mpweya lili kumsana. Galasi lakumaso linandikoka maso chifukwa ndinaiwala kupumiramo ndi mphuno."

"Kalanga ine! Madziwo akuchenjeza. Usakapondekonso, wamva?"

"Mawa ndi mayeso. Ndalephera kale kawiri, ndikalepheranso aphunzitsi sadzandilola kumasula akamba am'madzi okodwa m'maukonde."

"Ufere kamba? Ndi m'bale wako?"

"Dzulo ndinasiya mmodzi chingwe chili m'khosi, pakuya pomwe ophunzira sitiloledwa kufika. Mawa ndikhoza basi, amayi, ndikadule chingwecho ndi manja angawa."