Chule wa Eni Ake

Pamwamba pa khomo la shopu ya a Kompresa, okonza mafiriji aja amene anapatsidwa dzinali chifukwa chong'ung'udza tsiku lonse ngati kompresa, injini ya firiji, panali chikwangwani cha chule wovala chipewa. Chuleyo sanali wawo ayi, chinali chizindikiro cha kampani yopanga mafiriji ya Zizira, ndipo mayi wa kukampaniko anali atanena mosapsatira kuti akabweranso masana a tsiku limeneli n'kumupeza chuleyo ali pompo, a Kompresa sadzagulitsidwanso ngakhale kawaya kamodzi ka Zizira.

Tsono popanda zipangizo za Zizira, shopuyo ikanangosanduka nyumba ya makoswe. N'chifukwa chake a Kompresa anaitana mlamu wawo wolemba zikwangwani, a Ndendende, munthu woti ukamuuza kuti adikire pompo umakamupeza mawa ali chiimire. Tsoka lake, tsiku limene mayi uja ankalankhula a Ndendende analipo, ndipo anamva zonse.

"Alamu," anatero a Kompresa manja ali m'chiuno, "chule yekhayo sachoka. Makasitomala anga akamalozerana njira amati pa chule paja."

"Mayi aja anati achoke."

"Mayi ajawo amadya pano? Ingomuvulani chipewacho. Chule wopanda chipewa ndi wa Mulungu, si wa kampani."

A Ndendende anaika chitini cha penti pansi mosamala. "Anati chizindikiro chawo tisachisinthe ngakhale pang'ono. Kumuvula chipewa ndiye kusinthako."

"Chabwino. Jambulani wina wofanana naye."

"Mbale wake?"

"Eya, mbale wake!"

"Wa bere limodzi kapena msuweni?"

"Aaa, inu! Wongofanana naye basi!"

"Anati chilichonse chopangitsa anthu kuganiza kuti ndinu a kampani n'choletsedwa. Msuweni angapangitse anthu kuganiza."

"Ndiye zimene ndikufunazo, kuti aziganiza!"

"Ndiye zimene akuletsazo."

A Kompresa anayamba kulira kukhosi ngati firiji yakale. Mumtima anadandaula kuti mwa amuna onse a padziko, mlongo wawo anakasankha ameneyu. Koma dzuwa linali kukwera, ndiye anaona kuti za chulezo aziike kaye pambali.

"Tiyeni tiyambe ndi mawu. Dzina lawo anatilola, eti?"

"Anatilola. Anati mukhoza kulemba kuti mumakonza mafiriji a Zizira, poti n'zoona. Koma dzina lanu likule kuposa lawo. Ndiponso mulembe kuti si inu a kampani, moti munthu aziwerenga ali kumsewu."

"Zoti si ife a kampanizo mulembe kumunsi uko, ting'onoting'ono, ngati nyerere zili pamzere."

A Ndendende anakwera makwerero, n'kulemba ting'onoting'ono monga anawauzira. Kenako anatsika, anaoloka msewu, n'kukaima tsidya linalo atatsinzina diso limodzi.

"Sizikuwerengeka!"

"Ine ndikuwerenga bwinobwino ndili pano!"

"Inu simuli kumsewu."

Anabwerera, anafufuta, analemba zokulirapo, anaolokanso. Wanjinga wina anatsala pang'ono kuwagunda, koma iwo mtima uli m'malo.

"Ndikungoona ngati pakuda."

"Maso anuwo ndi akufa, alamu! Magalasi anu ali kuti?"

"Anasweka. Koma mayi aja anati munthu. Sanati munthu wa magalasi. Kapena ine si munthu?"

A Kompresa anatsegula pakamwa, n'kukumbukira kuti mlongo wawo amamva chilichonse, anatsekanso.

Abale inu, munthuyo anaoloka msewu umenewo mpaka agalu anasiya kumuuwa. Pomaliza, theka lonse la chikwangwani linadzaza ndi zilembo zonga mikono ya munthu: SI IFE A KAMPANI YA ZIZIRA. Ndipo pambali pake chule uja ali phee ndi chipewa chake, ngati akuseka.

"Mwandiyalutsa," anatero a Kompresa atagwira mutu. "Zikuoneka ngati ndikukana mlandu wakuba."

"Zikuwerengeka koma," anayankha a Ndendende mokhutira. Kenako nkhope inagwa. "Ii, pabuka vuto."

"Lanji tsopano?"

"Dzina lawo lakula kuposa lanu."

"Ndiye lichepetseni!"

"Ndikalichepetsa siliwerengeka kumsewu. Tikulitse lanu."

"Malo ake ati?"

A Ndendende analoza pamene panali chule. A Kompresa analumpha ngati aponda moto.

"Pamenepo ayi! Lembani pakhoma!"

Poti anauzidwa kulemba pakhoma, a Ndendende analembadi pakhoma, kuyambira pa ngodya, zilembo zotalika ngati chitseko. A Kompresa analowa m'kati kukamwa madzi kuti mtima utsike. Potuluka anapeza mlamu wawo akusuntha makwerero kulowera kwa oyandikana nawo, ometa tsitsi, bambo wamkali woti ngakhale mwini nyumba amamupatsa moni ali patali.

"Mukupita kuti?"

"Khoma lanu latha. Pakwana KWA KOMP basi. RESA agwera kwa ometa."

"Mukufuna andimete khosi? Bwererani kuno!"

"Ndiye shopu yanu ikhala KWA KOMP."

"Ine si Komp!"

"Kapena musinthe dzina, mupeze lalifupi. Mlongo wanu kunyumba amakutchulani lina lake lalifupi bwino."

"Limenelo mukalilemba, ukwati wanu watha lero!"

Apa mpamene a Kompresa anaponya maso kumsewu n'kuona galimoto yoyera ikukhota pang'onopang'ono pa mphambano, pachitseko pake pali chule wovala chipewa. Anaona m'maganizo mafiriji a anthu atandandalika m'shopu opanda zipangizo, eni ake ali pakhomo ndi nyama zawo zowola. Kunena zoona, chuleyo ankamukonda, koma osati mpaka kugona ndi njala.

"Alamu," anatero a Kompresa, "mwapambana. Mufufuteni."

"Ndani?"

"Chuleyo! Mupakeni penti yoyera, msanga!"

A Ndendende anayang'ana chule, anayang'ana burashi, n'kupukusa mutu. "Sizitheka."

"Mwati bwanji?"

"Ndikayamba ndi mwendo, akhala chule wopanda mwendo. Ndikayamba ndi mutu, akhala wopanda mutu. Kumeneko n'kusintha chizindikiro cha eni ake."

"Koma si inu nomwe mwakhala mukunena kuti achoke?"

"Achoke, eya. Koma asasinthe."

"Nanga achoka bwanji osasintha?"

"N'zimene ndakhala ndikuganiza kuyambira m'mawa. Mwina tizule chikwangwani chonsechi."

"Zulani!"

"Munachiwotcherera nokha kukhoma kuopa akuba. Komanso tikachizula, zoti si inu a kampani zichoka nazo. Anthu ayambanso kuganiza."

Galimoto ija inaima pafupi ndi ngalande. Chitseko chinatseguka, nsapato yakuda inaponda pansi.

"Alamu, ndakugwirani mwendo. Kungopaka kamodzi kokha, fwaa, basi!"

"Pemphani kaye chilolezo kwa eni ake. Mwayi wake si awo afikawo?"

"Bweretsani kuno burashiyo!"

A Kompresa anatsomphola burashi, anaiviika m'chitini mpaka m'dzanja momwe, n'kukwera makwerero ndi chimimba chawocho, makwerero akulira kwetche kwetche. Penti inkawatsikira m'khwapa, ina inawadonthera m'diso, koma iwo ali kalikiliki kumupaka chule kumaso. A Ndendende anawagwirira makwerero mokhulupirika, chifukwa palibe amene anawaletsa kutero. Mayi wa kukampani uja atafika pakhonde anaima, n'kuyang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa.

A Ndendende anavula chipewa chawo mwaulemu.

"Mwafika bwino, mayi. Mukhale mboni, ine ndayesetsa kuwaletsa, koma alamu angawa ndi amakani. Akuti zivute zitani, chule wanuyu pakhomo pawo sakumufuna!"