Telala Amene Anamulira Ali Moyo

Pa siteshoni ya mabasi a ku Chelstone mu Lusaka, Helen Mulubwa, telala wa ku Kabwata, anaona mayi wina wosamudziwa akumuyang'anitsitsa ngati waona mzukwa.

"Ndimwe ba telala ba pa Fesibuku? Kansi muli moyo?"

"Nanga ninafa liti ine?"

"Peji yanu yadzala makandulo na mauthenga a malilo. Nenze kufuna munisokele zovala za ukwati wa mwana wanga. Nitaona kandulo, ninalemba kuti muuse mumtendele, nsalu n'kupeleka kwa telala wina ku Libala."

"Kansi ndimwe munalemba zija? Amalume anga anakwela basi ku Chipata akulila chifukwa cha imwe."

"Mlandu ni wanu. Lelo malilo, mawa kwaya, mkuja mukutukwana za malaiti. Madilesi ali kuti? Muziika zimene mwasoka na makasitomala atavala, sabata iliyonse zomwezo."

"Ndine mlembi wa amayi ku chechi. Munthu akamwalila nisalengeze?"

"Lengezani ku gulu la chechi. Pakhomo la shopu yanu mumapachikapo nkhata za malilo?"

Helen anafunsa:

"Ukwatiwo uli liti?"

"Unapita kale. Anatisokela wamoyo."