Zimene Ndinabisira Dokotala Somoe

Olemekezeka wapampando wa bungwe la Amalawi kuno ku Kurasini mumzinda wa Dar, Bambo Abdulmajidi. Olemekezeka Dokotala Somoe ndi anzanu akuchipatala. A Shehe ndi abusa. Madalaivala anzanga, amayi a geni a ku Kariakoo, nonse karibuni.

Mwandikhazika pampando wapamwamba lero, koma ine si wophunzira ayi. Ndine dalaivala amene anatsala pang'ono kutaya diso chifukwa cha manyazi.

Zaka zitatu zapitazo diso langa lakumanja linayamba kutong'oka, ndipo lole imodzi pamsewu ndinkaiona ngati ziwiri. Dalaivala wa diso lotere ndiye kuti ntchito yatha. Kuchipatala ndinapeza Dokotala Somoe awa, a msinkhu wa mwana wanga wamkazi. Atandifunsa ngati panali vuto lina, ndinati, "Hapana, ndi diso lokha." Bodza lamkunkhuniza! Kwa zaka ziwiri ndinkatsegula m'mimba, nkhope n'kumatentha ngati ndayandikira mbaula, ine n'kumanamizira tchipisi cha ku Tunduma. Nanga bambo wamkulu angauze mtsikana za kuchimbudzi?

Mayi akunyumba, a Fyness, anali pambali panga. Chiswahili chawo n'chothyokathyoka, koma tsiku limenelo chinawongoka: "Akunama awa. Kuchoka Dar kukafika ku Songwe amaima kakhumi."

Sekani inu, koma dokotala sanaseke. Ananditumiza kukajambulidwa ndi makina aja amene amayamba akubaya mankhwala mumtsempha, kenako podwalapo n'kuwala pachithunzi. Panawala pawiri: kuseri kwa diso ndi m'matumbo. Kachotupa kochepa ngati nzama, ka mtundu umene madokotala amati nyuroendokirini, kanayambira m'matumbo n'kufalikira kudiso. Akuti kawirikawiri kamathamangira kuchiwindi. Kufika kudiso n'kwapatalipatali, ndipo madokotala akanalimbana ndi diso lokha, gwero lake likanatsala.

Anandichita opaleshoni, ndipo ndimabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Sabata yatha chithunzi chatsopano chaonetsa kuti matendawa sakukula, ndipo lole imodzi ndikuiona imodzi. Abale anga, mtima wanga wakhala pansi. Ndinalira pamaso pa anamwino.

Si aliyense amene ali ndi a Fyness, ndipo n'chifukwa chake ofesi ino ya operekeza odwala yandisangalatsa kwambiri. Inu operekeza, musakathere pakhomo. Mukalowe naye wodwalayo mpaka m'kati. Zimene akuzengereza kunena, mukanene ndinu. Akakukwiyirani, musiyeni akwiye ali moyo.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ofesi yathu ya operekeza odwala yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.