Buleka Yaikulu ya Alamu Anga

Anzanga omvera, ndinavutika zaka zisanu ku Joni kuti ndigule makina owotcherera zitsulo. Nditawalumikiza m'galaja yanga pa Mzimba boma, buleka, swichi yozimitsa yokha magetsi, inkangogwa ndikayamba ntchito. Alamu anga, odzitcha katswiri wa magetsi, anati, "Yachepa iyi, alamu. Tiikepo yaikulu, mbwenu zatheka." Anaikadi, koma waya wa m'khoma anasiya womwe uja wowonda, woyenera mababu.

Buleka sinagwenso. Wayayo anatentha mpaka kuyaka, ndipo moto unanyeketsa galaja, makina ndi matabwa a ku Luwawa ofolerera nyumba yanga. Wamagetsi weniweni atabwera anati buleka yaing'ono ija inkagwa pofuna kuteteza wayayo.

Lero alamuwo akuuza anthu kuti ndinalodzedwa ndi ansanje. Ine ndimangowayang'ana, poti mlongo wawo ndiye mayi wa ana anga.