Zimene Setilaiti Inaona Kukasupe

— Halo?

— Halo! Ndani?

— Malume Frederico, ndine Lénia.

— Ndani? Mphepo ikusokosa kuno.

— Lénia, mwana wa mlongo wanu Mariana! Wa ku Chiuaula.

— Aa, Lénia! Nambalayi ndi yachilendo, ndimayesa ndi akuba aja amati wapata mphoto.

— Ndi foni ya kuntchito, yanga kredito yatha. Mwaswera bwanji, malume?

— Taswera, kaya inu m'tauni? Amuna ako a Ivaldo? Ana?

— Tonse tili bwino. Nanga akazi anu, atiya Argentina, mwendo uja?

— Ukuwawabe, koma munthu wake samva, ali kumunda akukumba kachewere. Matumba ali pamsewu chidikirire galimoto ya shapa kuyambira dzulo. Halo?

— Ndikukumvani modukaduka. Rede ya foni yavuta?

— Dikira ndikwere pachulu. Eya. Lankhula tsopano, koma msanga, batire ili kumapeto.

— Malume, msonkhano uja ndi akampani ya mitengo ulipobe Lachisanu?

— Ulipo. Ndikukuuza, anthu kuno chakudya sichikutsika. Akampani akuti minda yathu ya kutsidya ndi tchire lopanda mwini, abzalapo bulugama. Ife pepala tilibe. Tinabwera kuchokera ku Mangochi nkhondo itatha, ndi makasu okha paphewa. Pepala akanatipatsa ndani?

— Ndicho ndayimbira. Kafukufuku amene ndimachita wa minda yanu ndamaliza. Umboni ulipo.

— Umboni wanji?

— Zithunzi za setilaiti. Makina aja ali kumwamba, ozungulira dziko n'kumajambula pansi.

— Amene umakhalira kuyang'ana pakompyuta mpaka maso kufiira?

— Omwewo. Zithunzi zake zakale zimasungidwa. Ndapeza za 1995, za 2001, chaka ndi chaka mpaka lero. Minda yanu ikuoneka, malume. Apa mwalima, apa mwagoneka zaka zitatu, apa mwabwereranso. Tchire lopanda mwini silichita choncho.

— Ukuti 1995?

— Sim, malume.

— Chaka chimenecho ndinali ndi malaya amodzi! Ndiye kumwambako wina amandijambula?

— Munthu saoneka. Kadontho kamodzi pachithunzipo ndi malo aakulu kuposa bwalo la pakhomo panu. Koma munda umaoneka bwinobwino.

— Ayi, mwana iwe! Sukulu ija sinapite pachabe. Ndipita pompano ndikauze a Gregório, mnzanga woyandikana naye munda. Akampani aja achita manyazi Lachisanu, ona—

— Malume, dikirani.

— Batire, Lénia.

— Dikirani pang'ono. Sindinamalize.

— Chinanso n'chiyani?

— Nkhalango ya kumutu kwa kasupe. Yomwe mudzi unagwirizana kuti nkhwangwa isalowemo.

— Yatani?

— Chithunzi cha mu Juni chaka chino chikuonetsa yonse ili bwino. Cha mu Ogasiti, mbali ya kum'mawa yayera. Mahekitala atatu. Ndipo malo oyerawo ayambira pamalire a munda wanu.

— Halo? Halo? Rede yathawa.

— Sinathawe, malume. Ndikumva tambala akulira kumbuyo kwanu.

— Mwina unali moto wolusa.

— Moto umasiya zakuda, ndipo mitengo ikuluikulu imatsala. Apa mitengo yagwa.

— Makina amanama.

— Omwewo mwangowatama aja?

— Iwe, ukulankhula ndi malume ako.

— Pepani. Koma kuyambira Lolemba mtima wanga uli m'mwamba. Ndayang'ana katatu, ndimati mwina ndalakwitsa mapa. Ndani wadula?

— Ndine. Ine ndi a Gregório.

— Aa, malume! Inu amene munatikwapula tili ana chifukwa chothyola nthambi ya msuku kumeneko?

— Ukanakhala kuno ukanamvetsa. Anabwera anthu akampani a zipewa zoyera ndi zingwe zoyezera. Wina anandiuza pamaso panga kuti pamene pali mitengo palibe mwini, pamene pali mizere ndiye pali mwini. Ndiye ndikhale pansi atenge kasupe? Akazi azikatunga kuti? Tinati tiyeretse mbali imodzi, tibzale nyemba mvula ikagwa, aone kuti pali anthu.

— Ndiye munadula kuti muiteteze.

— Nanga ndikanadziwa bwanji kuti umboni uli kumwamba? Iwe unali chete miyezi yonseyi!

— Ndimafuna nditsimikize kaye. Ndinalakwa, ndikanakuyimbirani.

— Basi, zachitika. Tamvera: chithunzi cha Ogasiticho uchichotse. Ubweretse zakale zokha.

— Sizingatheke.

— Kompyutayo si yako?

— Zithunzizo si zanga, malume. Aliyense amene ali ndi intaneti amazitenga ulere. Akampani ali ndi wawo wodziwa ntchito yomweyi, ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ndikabisa chimodzi, iye achitulutsa, n'kunena kuti Lénia wabisira abale ake. Zikatero ngakhale za 1995 palibe adzazikhulupirire. Mudzi wonse uluza minda.

— Ndiye undivula pagulu? Mwana wa mlongo wanga?

— Akanena iwo, adzati onani, anthu awa amawononga nkhalango, bola tiisamale ife. Mukayamba kunena inu, n'kufotokoza zimene anakuuzani a zipewa zoyera aja, nkhani isintha. Munthuyo mungamuzindikire?

— Ngakhale pakati pa msika wa Lichinga. Wamtali, wa mpata kumano.

— Ndiye muimirire poyamba, iwo asanatsegule pakamwa.

— Ndili ndi zaka sikisite, Lénia. Ndiimirire pamaso pa akazi amene amatunga pakasupe paja, ndinene kuti ndine?

— Ndidzakhala pambali panu.

— Mayi ako akudziwa?

— Sindinauze munthu. Ngakhale bwana wanga ndimuuza mawa.

— Mmm.

— Malume?

— Ndilipo. Tandiuza zoona. Mitengo ija yapita basi?

— Zitsa mwazula?

— Ayi, mphamvu zake tizitenga kuti.

— Ndiye siinafe. Miombo imaphukira pachitsa. Tayeza malo ambiri kuno ku Niassa: pamene sanalimepo, mvula ziwiri zokha zithunzi zimayamba kubiriwira. Chachikulu moto usadutsepo. Nthambi zouma zikayaka pamwamba pa zitsa, ndiye mwaphadi.

— Moto?

— Eya. Musawotche chilichonse.

— Mayo ine. Nthawi ili bwanji?

— Yangokwana 14 oras, 2 koloko. Bwanji?

— A Gregório anati ayatsa lero masana, mphepo ikatembenuka. Anatenga machesi m'mawa ndikuona.

— Ayimbireni!

— Alibe foni, inagwera m'chitsime. Ndithamanga ndekha.

— Ndi kutali, malume, pezani njinga yamoto!

— Ndidulira kudambo. Tamvera, Lénia. Lachisanu ubwere ndi zithunzi zonse. Cha Ogasiticho uchisindikize chachikulu, ndipo usapatse bwana wako. Undipatse m'manja mwanga, ndichikweza ndekha.

— Tá bom, malume. Utsi ukuoneka?

— Sunayambe. Uwapatse moni a Ivaldo, ndatsika—

— Mukafika mundiyimbire pa nambala yomweyi! Malume? Halo?